Khomo la ku Helsinki

Ku Tartu dzuwa lalowa isanakwane folo koloko,
mtsinje wa Emajõgi wauma gwa! ngati galasi,
ndipo ine, Eneken, ndatsala ndekha mu ofesi
ndi khofi wozizira, ndi mzere umodzi pa sikirini:
Mwakanidwa. Kiyi wanuyu ayi.

Ayi bwanji?
Dzulo lomweli ndinalowa osagogoda n'komwe.
Seva ili ku Helsinki, kutsidya kwa nyanja,
m'chipinda chimene sindinapondemo phazi,
koma imasunga ndandanda ya anamwino oyendera okalamba m'makomo,
ndipo mawa m'mamawa mayi Helgi a ku Annelinn
akhala pazenera kudikira jakisoni wawo.

Ndiyesanso. Mwakanidwa.
Ndimenya batani mwamphamvu, ngati makina amaopa ukali.
Mwakanidwa.

Ilmar ankati: usakalipe, funsa.
Onjezera ka v katatu, makinawo aulula okha.
Ndaonjezera, mawu n'kukhuthuka mbwee!
Moni wapita, moni wabwera,
tagwirizana chinenero, tagwirizana chinsinsi,
ndapereka kiyi woyamba, wabwezedwa,
wachiwiri, wa kuntchito yanga yakale ija, wabwezedwa,
wachitatu, mwini wake wa pakhomo pano,
amutembenuza uku ndi uku
n'kumubweza osanena chifukwa.

Dzina lolowera ndi langa, palibe chilembo chagwa.
Theka la kiyi limene ndimabisa kuno
ndi theka limene ndinapachika uko
ndi mapasa, chidindo chimodzi.
Nanga chavuta n'chiyani?

Kunja basi yadutsa yopanda munthu.
Ndazembera kukhomo lakuseri,
lija eni makina amabwereka anthu otsekeredwa panja,
ndatsegula buku limene seva imalembamo madandaulo ake.
Si apa! Mzere waufupi, wopanda mwano:
foda iyi ndi yotsegukira aliyense.

Seveni, seveni, seveni.
Ndakumbuka. Ndine ndemwe.
Dzulo madzulo, pothamangira sitolo isanatseke,
fayilo ina inkakana kukopedwa,
ndinasiya zitseko zonse pululu n'kuthawa.
Ndiye mlonda wati: pamene aliyense angalembepo dzina lake,
lako lomwe sindilikhulupirira.
Wandikana pofuna kunditchinjiriza.

Seveni ziro ziro pa foda,
sikisi ziro ziro pa fayilo.
Zala zikunjenjemera, kaya ndi khofi, kaya ndi manyazi.

Ndisanatuluke ndasuzumira m'fayilo ya makiyi ololedwa.
Mizere itatu. Wanga. Wa Taavet.
Ndipo pamwamba penipeni, zilembo zazitalizitali zopanda tanthauzo,
kumapeto kwake mawu awiri okha: ilmar, kukhitchini.

Ilmar tinamuika m'manda ku Raadi mu Okutobala.
Laputopu yake mkazi wake anaitsekera m'kabati
pamodzi ndi magalasi ndi sikafu yobiriwira ija.
Koma khomo ili silinamve za maliro.
Pokonza zanga ndamukonzeranso iye:
atagogoda usiku uno, limutsegulira osafunsa.

Lamulo ndikulidziwa, anandiphunzitsa ndi iye yemwe:
kiyi wa munthu wochoka amafufutidwa tsiku lomwelo.
Kamzere kothwanima kaima pa chilembo choyamba,
phethi, phethi,
kudikira chala changa.

Sindinafufute.
Ndangoika kachizindikiro kamodzi kutsogolo kwake,
kaja kooneka ngati mpanda wa timitengo tinayi,
kuti mzere ukhalepo, uziwerengeka,
koma usatsegulenso khomo.
Akanandidzudzula. Akanati: zinyalala zimenezo.
Adzudzule.

Ndabwerera kukhomo lakumaso. Ndiyesa.
Palibe funso, palibe kukana,
ndangopezeka ndili m'kati,
ngati panalibe ola lonse lija.

Ndandanda ilipo. Hafu seveni: mayi Helgi, nsanjika yachisanu,
belu lawo silimveka, gogodani kwambiri.

Ndazimitsa nyali. Pamakwerero ndikupapasa m'thumba la jasi,
kufunafuna kiyi wachitsulo wa pakhomo la pansi,
uja amavuta kukazizira,
uja Ilmar ankati uzimupumira mpweya kaye.